Mlendo ndi Mame



Mbusa ndi munthu wa msamuko. Chiyambire utumiki wanga ndasamuka katatu, ndipo amayi a kunyumba amanena mwanthabwala kuti mipando yathu ikudziwa misewu ya m'chigawo cha Tete kuposa ana athu. Misamuko iwiri yoyamba inayenda bwino, pakuti katundu anali wochepa ndipo anatinyamulira ndi Akhristu anzathu. Wachitatu ndi umene ndifuna kukusimbirani, pamodzi ndi ulendo wina umene tinayenda kunyanja ya mchere. Kwa nthawi yaitali ndinasunga nkhani ziwirizi ngati madandaulo anga pa anthu ena, kufikira tsiku limene Ambuye anandionetsa kuti mlandu womwewo uli pakhomo panga.

M'mwezi wa Juni chaka cha 2019 tinatumizidwa kuchoka mumzinda wa Tete kupita ku mpingo wina wa kumidzi ku Angónia. Popeza ana anali atakula ndipo katundu atachuluka, ndinafuna kampani yonyamula katundu wa anthu osamuka. Ndinaipeza ina ya ofesi yooneka bwino, ya chikwangwani chachikulu ndi malole opakidwa utoto wofanana. Bwana wa pamenepo anandilandira ndi manja awiri, nandipatsa mpando ndi madzi ozizira. Ndinamuuza dzina la mudzi, ndiponso kuti mbali yotsiriza ya ulendo ndi msewu wafumbi. Iye anati palibe chovuta, mudziwo akuudziwa. Tinagwirizana 20,000 meticais, ndipo ndinapereka zonse tsiku lomwelo. Nditapempha kuti tilemberane, anaseka nati, "Abusa, ife ndi inu n'kulemberananso? Mawu athu akwanira." Ndinachita manyazi kuumirira, poopa kuoneka ngati mtumiki wa Mulungu wokayikira anthu. Ndinatuluka ndi kalisiti kolembedwa ndalama zokha, kopanda dzina la kumene tikupita.

Lole imene inayenera kufika 6 koloko m'mawa inafika 11 koloko. Sinali imodzi mwa zopaka utoto zija. Inali yakalekale, yopanda lona wofunditsa katundu. Anyamata awiri anakweza zinthu mothamanga ngati akuthawitsa katundu m'nyumba imene ikupsa. Kabati yamagalasi imene amayi a Chigwirizano anatipatsa potsanzikana anaigoneka pansi, nasanjikapo matumba a chimanga. Nditadandaula, anandiyankha kuti ntchito yawo akuidziwa.

Tinadutsa Moatize, ndipo pa Mussacama tinakhota kulowera kumapiri. Inu a ku Angónia mukudziwa mmene chisanu cha Juni chimalumira dzuwa likangopendeka. Titafika pamene msewu wathu umasiyana ndi wa phula, dalaivala anaimitsa lole, nazimitsa injini.

"Abusa, ndalama zanu zathera pano. Msewu wafumbi umadya matayala. Muwonjezere 8,000, apo ayi titsitsa pompano."

"Koma achimwene, ndinagwirizana ndi abwana anu kuti mutifikitse pakhomo pa tchalitchi."

"Zimenezo zalembedwa pati?"

Ndinaimba foni ku ofesi kuja kasanu, osayankhidwa. M'thumba ndinali ndi 3,000 zokha, zimene tinasunga kuti tiyambire moyo kumalo atsopano. Dalaivala anazikana. Dzuwa likulowa, anatsitsa zonse m'mbali mwa msewu: mabedi, mapoto, makina osokera a amayi, makatoni a mabuku anga a kusukulu ya Baibulo. Kabati ija inatsika magalasi ake ali zidutswazidutswa. Amayi sananene kanthu. Anangomasula chitenje nafunditsa mwana wathu wamng'ono, nakhala pa thumba la chimanga.

Mmodzi wa anyamata aja, amene ankaoneka wamanyazi, anatsalira pang'ono pomanga zingwe. Ndinamufunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, kodi simuopa kuti anthu adzaleka kukulembani ntchito?" Anandiyankha mopanda mwano konse, ngati akundiuza za nyengo: "Abusa, munthu sasamuka kawiri pachaka. Inu simudzabweranso, mawa kubwera wina."

Usiku umenewo anatipulumutsa ndi anthu amene anali asanationepo nkhope. Mnyamata wina wa panjinga anakanena kumudzi, ndipo cha m'ma 9 koloko tinamva mabelu a ng'ombe. Akulu a mpingo anabwera ndi ngolo zinayi ndi nyali. Anayenda maulendo awiri, ndipo tambala woyamba analira katundu yense ali m'nyumba. Pamene ndinatulutsa 3,000 zija kuti ndiwathokoze, mkulu wina wachikulire anabweza dzanja langa nati, "Abusa, sungani. Mwabwera kwanu." Ku kampani kuja sindinapeze thandizo lililonse. Bwana wa madzi ozizira uja anati dalaivalayo anali waganyu chabe, ndipo za kabati anandifunsa ngati ndili ndi umboni wakuti inakwera ili yamphumphu.

Nkhani yachiwiri inachitika mu Disembala 2022. Amayi a kunyumba anabadwira kumapiri, ndipo anali asanaionepo nyanja ya mchere. Tinasunga ndalama pang'onopang'ono kwa zaka ziwiri kuti pokumbukira zaka 20 za ukwati wathu tikaione. Dziko lathu lili ndi malo otchuka amene anthu a maiko akutali amawalakalaka: Ilha de Moçambique, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1991, zilumba za Bazaruto, Vilankulo, Tofo, Ponta do Ouro. Tinasankha tawuni ina ya m'chigawo cha Inhambane, imene sindiitchula dzina. Tinayenda masiku awiri pabasi, kudzera ku Chimoio ndi ku Inchope, kuwoloka mtsinje wa Save.

Chipinda tinali titasungitsa kale pafoni ndi kulipira theka. Titafika madzulo, otopa ndi afumbi, mtsikana wolandira alendo anatiyang'ana kuyambira kumapazi, nati zipinda zadzaza. Panja panali pataima magalimoto akuluakulu a manambala a ku South Africa, okoka mabwato. Ndinamuonetsa uthenga wa pafoni wotsimikiza malipiro athu. Anati mitengo inasintha chifukwa cha nyengo ya tchuthi, ndipo ngati tifuna chipinda tilipire kawiri mtengo wa poyamba. Za theka lija tidikire abwana, amene sanaoneke mpaka tsiku lathu lobwerera. M'mawa mwake tinalowa m'nyumba yodyera ya m'mbali mwa nyanja. Tinakhala nthawi yoposa ola limodzi popanda wotifunsa kanthu, pamene matebulo atatu a alendo akunja amene anatipeza anali atadya kale. Kumsika, wogulitsa nsomba atangomva Chipwitikizi chathu cha ku Tete anatchula mtengo umene mayi wina wa komweko anauseka poyera. Mwini bwato wina analandira ndalama zoyambira kuti atiyendetse panyanja 7 koloko m'mawa; tinamudikira pamchenga mpaka dzuwa linafika pamutu.

Poyamba ndinaganiza kuti tikunyozedwa chifukwa ndife osauka ndi akuda m'dziko lathu lomwe, ndipo mbali ina zinali zoona. Koma nditakhala pansi ndi kupenyetsetsa, ndinaona kuti alendo akunja aja nawonso sankakondedwa. Ankawasekerera ndi kuwathamangira, koma powagulitsa chinthu ankawatchulira mtengo katatu, ndipo akangotembenuka ankawaseka. Mlendo wolemera ankakamidwa ngati ng'ombe, mlendo wosauka ankapitirizidwa ngati chitsa. Onse awiri ankayesedwa ndi muyeso umodzi: kodi m'thumba mwake mungatuluke zingati asanachoke? Pamenepo ndinakumbukira mawu a mnyamata wa palole uja. Tawuni yonseyo inkanena zomwezo: inu simudzabweranso, mawa kubwera wina.

Sindifuna kuweruza anthu a kumeneko mopanda chifundo. Nyengo yawo ya malonda ndi yaifupi. Ndalama za chaka chonse amazipeza makamaka pa tchuthi cha Khirisimasi ndi cha Pasaka. Gombe limenelo limakanthidwa ndi namondwe, monga Favio amene anasakaza Vilankulo mu Febuluwale 2007, ndipo mliri wa COVID-19 unatseka njira za alendo mu 2020, anthu ambiri nachotsedwa ntchito. Chimodzimodzinso dalaivala wa lole: mafuta ndi okwera mtengo, misewu ina ndi yokumbika, ndipo mwina malipiro ake ndi ochepa. Zonsezi zimatithandiza kumvetsa kumene yesero limachokera. Koma yesero likamveka chiyambi chake silisanduka chilungamo. Ndipo m'tawuni momwemo tinapeza mayi wina wamasiye, wogulitsa makokonati, amene anatipatsa chipinda cha mwana wake pa mtengo umene anatchula tsiku loyamba, osausintha, natiperekeza yekha kukakwera basi 4 koloko m'bandakucha. Umphawi wake unali woposa wa onse amene anatinyenga.

Makolo athu anati mlendo ndi mame. Ankatanthauza kuti mlendo sakhalitsa, choncho umchitire zabwino msanga asanakamuke. Muphere nkhuku lero, pakuti mawa udzapeza mphasa yokha. Koma mtima wa munthu wochimwa watembenuza mwambi umenewu. Tsopano ukunena kuti: mlendo sakhalitsa, choncho umudyere msanga, pakuti sadzakhalapo kuti akakusumire kwa amfumu. Mawu ndi omwewo, koma mtima ndi wina. Wogulitsa wa m'mudzi amaopa kunyenga mnansi wake chifukwa adzakumana naye kumaliro ndi kuchitsime. Koma wosamuka ndi wapaulendo alibe chowateteza chotere. Wosamuka ali ndi moyo wake wonse pamwamba pa lole ya munthu wina. Wapaulendo ali kutali ndi abale, sadziwa mitengo, ndipo usiku ukumuyandikira. Munthu akakhala m'manja mwako chotere, ndipo ukudziwa kuti sudzamuonanso, chimene umamuchitira ndicho chimaonetsa ngati umaopa Mulungu kapena umangoopa anthu.

Nditabwerako ndinawerenganso Levitiko 19, ndipo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachisamale ngakhale kusukulu ya Baibulo. Ndime 33 ndi 34 zimalamula Aisraele kuti asasautse mlendo wokhala pakati pawo, koma amukonde monga adzikonda okha. Ndime zotsatira pomwepo, 35 ndi 36, zimalamula za miyeso ndi masikelo oona. Mulungu anaika mlendo ndi sikelo pamalo amodzi, chifukwa Iye adziwa kuti sikelo yonyenga imayamba kugwira ntchito pa munthu wosadziwika. Ndipo chifukwa chimene apereka pa malamulo onse awiriwo ndi chimodzi: Igupto. Iwo anali alendo kumeneko, ndipo Iye ndiye anawatulutsa. Pa Deuteronomo 25:13-16 aletsanso kusunga miyeso iwiri, waukulu ndi waung'ono, m'thumba limodzi kapena m'nyumba imodzi. Mneneri Amosi, pa mutu 8, adzudzula amalonda amene ankaona Sabata ngati lochedwetsa, akulakalaka lithe kuti akachepetse muyeso ndi kukweza mtengo. Anthu amenewo sankajomba kopembedza.

Abale ndi alongo, ife a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga tili ndi Igupto wathu. Ine ndinali mwana pamene nkhondo inatithamangitsa, ndipo tinawoloka malire kupita ku Dedza mayi anga atasenza mtolo umodzi. Anthu a dziko lathu amene anathawira ku Malawi m'zaka zimenezo anafika pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ambiri tinabwerera pambuyo pa pangano la mtendere la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992. Tikudziwa kulawa kwa nsima ya mwini. Tikukumbukira amene anatibwereka munda, ndiponso tikukumbukira amene anatilimitsa tsiku lonse natilipira mbale imodzi ya gaga podziwa kuti tilibe kokadandaula. Ngati pali anthu amene sayenera kuphunzitsidwa za mtima wa mlendo, ndife.

Tsopano ndifike pa mlandu wa pakhomo panga. Monga ambiri a inu, ifenso timalima mbatata ya kachewere, ndipo ikachuluka mwana wathu wamkulu amakaigulitsa kumsewu waukulu, kumene amaima a magalimoto opita ku Tete. Tsiku lina mu 2023, ulaliki wa Levitiko 19 ndili nditaulemba kale, ndinamupeza akukonza zidebe. Pansi ankathira mbatata zing'onozing'ono ndi zoboola, pamwamba nasanja zikuluzikulu zosalala. Chidebe chimodzi chinali chophwanyidwa pansi kuti chilowe zochepa.

"Mwanawe, ukuchita chiyani?"

"Bambo, aliyense amatero. Izi ndi za a magalimoto. Za anthu a m'mudzi muno ndimathira bwino, chidebe chake ndi icho."

Miyeso iwiri m'nyumba imodzi, nyumba ya mbusa. Ndipo ndiyenera kuvomereza pamaso panu kuti silinali tsiku loyamba kuona zidebe zimenezo. Ndinkaziona ndi kuyang'ana kumbali, chifukwa ndalama zake zinkagula sopo ndi makope a sukulu, ndipo chakhumi chake chinkalowa m'mbale ya Ambuye. Ine amene ndinakwiyira dalaivala wa lole kwa zaka zinayi, ndinali kudya phindu la nzeru yomweyo. Mayi wina wa ku Moatize amene anakhuthula chidebe chathu kunyumba kwake napeza zoola, kwa iye dalaivala wa lole ndinali ine.

Madzulo amenewo tinakhuthula zidebe zonse pabwalo ndi kusankhanso. Chidebe chophwanyika chija tinachisandutsa chomwera nkhuku. Sindikunamizani kuti malonda anakwera pomwepo. Mlungu woyamba mwana wanga anabwera ndi ndalama zochepa kuposa anzake, ndipo anandiyang'ana ndi diso lofunsa. Ndinamuuza kuti kusiyana kwa ndalamazo ndiwo mtengo wa dzina limene tinabatizidwa nalo, ndipo ndi wotsika poyerekeza ndi umene Ambuye analipira.

M'fanizo la Msamariya wachifundo, pa Luka 10, muli munthu amene sitimulalikira kawirikawiri: mwini nyumba ya alendo. Msamariya anamusiyira munthu wovulala, ndalama ziwiri, ndi lonjezo lakuti adzabweza zonse zimene adzawonjezere. Taganizani mpata umene munthu ameneyu anali nawo. Wodwalayo sakanatha kudziteteza, wolipirayo anali atapita, ndipo mtengo unali woti adzatchule yekha. Chifundo cha Msamariya chikanathera panjira pakanapanda wamalonda wokhulupirika woti achipitirize. Ambiri a ife sitidzatola munthu wovulala pamsewu wa ku Yeriko, koma tonse tili ndi kanyumba kathu ka alendo: wina ali ndi chapa, wina njinga yamoto yonyamula anthu, wina chigayo, wina benchi ya tomato, wina chipinda chobwereketsa. Pamenepo ndi pamene Chikhristu chathu chimayesedwa kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Kumbukiraninso anthu a pachilumba cha Melita pa Machitidwe 28, amene anasonkhera moto Paulo ndi anzake 275 atapulumuka m'ngalawa yosweka, anthu opanda katundu amene sakanabwezera kanthu. Iwo anali asanamve Uthenga Wabwino. Nanga ife amene taumva kuyambira ku Sande sukulu?

Kwa inu amene mudzasamuke kapena kuyenda ulendo, landirani malangizo a munthu amene anapsa kale. Kulemberana si kusakhulupirira. Yeremiya yemwe, pogula munda kwa mbale wake pa mutu 32, analemba kalata, naitana mboni, nayesa ndalama pasikelo. Lembani malo onyamukira ndi malo ofikira, mtengo wonse, ndi mndandanda wa katundu, ndipo onse awiri musayine. Musapereke ndalama zonse katundu asanafike. Zinthu zosweka msanga muzijambule pafoni zisanakwere. Funsani kwa Akhristu a kumene mukupita kuti akuuzeni mitengo yeniyeni ndi anthu okhulupirika, pakuti mpingo uli ponseponse ndipo ndi abale anu. Dziwaninso kuti dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula, Lamulo nambala 22/2009, ndi bungwe la boma loyendera malonda, kumene munthu angathe kukadandaula. Kudandaula mwaulemu si kubwezera choipa. Kumateteza mlendo amene adzabwere pambuyo panu. Ine ndinangokhala chete, ndipo sindikayika kuti lole ija inatsitsanso banja lina pamphambano ina.

Ndipo kwa inu amene muli ndi malole, nyumba zogona alendo ndi mabenchi a m'mbali mwa msewu, ndikupemphani m'dzina la Ambuye: mtengo umene mwatchula m'mawa ukhale womwewo madzulo. Chidebe cha mnansi chikhale chomwecho cha wapaulendo. Wovala nsapato zafumbi alandiridwe monga wotsika m'galimoto, monga Yakobo atichenjeza pa mutu 2 wa kalata yake. Nzoona kuti mlendoyo sadzabweranso. Koma alipo Wina amene anati chimene tichitira mlendo tachitira Iye, monga tiwerenga pa Mateyu 25, ndipo Iyeyo adzabweranso ndithu.

Kabati ija ilipobe m'nyumba mwathu. M'malo mwa magalasi tinakhomamo mawaya a sefa, ndipo amayi amasungamo makapu a alendo. Mlungu wathawu mkulu wa mpingo uja amene anabweza dzanja langa anamwera tiyi m'kapu ya m'menemo, ndipo tinakumbutsana za usiku wa ngolo zinayi. Iye anaseka nati ng'ombe zake zinadwala chimfine mlungu wonse, koma sanadandaulepo.

Ambuye atikhululukire pamene tasautsa mlendo, ndipo atipatse muyeso umodzi m'nyumba, kumsika ndi mumtima. Chisomo cha Ambuye Yesu Khristu chikhale ndi inu nonse.

Ine mbale wanu ndi mtumiki mnzanu m'munda wa Ambuye,
Mbusa wa ku Angónia